Mimar Sinan

Mimar Sinan (anabadwa cha m'ma 1490, anamwalira pa 17 Julayi 1588) anali mmisiri wamkulu wa zomangamanga mu ufumu wa Ottoman, womwe likulu lake linali mzinda wa Istanbul m'dziko lomwe lero ndi Turkey. Anakhala pa udindowu zaka pafupifupi 50 ndipo anatumikira mafumu atatu motsatizana: Süleyman, Selim II ndi Murad III. Liwu lakuti mimar si dzina ayi. M'chinenero cha ku Turkey limatanthauza munthu wojambula mapulani a nyumba n'kuyang'anira kamangidwe kake. Anthu akwawo amamutchanso Koca Sinan, kutanthauza Sinan wamkulu.

Mabuku akale amene anandandalika ntchito zake amatchula nyumba zoposa 300, ndipo mindandanda yonse ikaphatikizidwa chiwerengerocho chimapitirira 470. Pali mizikiti, masukulu, zipatala, milatho, ngalande za madzi, nyumba zosambiramo, nyumba zogona apaulendo ndiponso ziliza za mafumu ndi nduna zawo. Zambiri zili mu Istanbul momwemo. Mlendo akakwera boti n'kuyang'ana mzinda wakale ali pamadzi, madenga ndi nsanja zambiri zimene amaona pamwamba pa mapiri zinamangidwa ndi Sinan kapena ophunzira ake. Kotero malo ambiri amene alendo amakaona ku Istanbul masiku ano ndi masitepe a moyo wa munthu mmodziyu.

Kubadwa ndi kutengedwa kwake

Sinan anabadwira m'mudzi wa Ağırnas, pafupi ndi mzinda wa Kayseri pakati pa dera la Anatolia. Makolo ake anali Akhristu. Akatswiri a mbiri yakale amasiyana maganizo pa mtundu wake: ena amati anali wa Chiameniya, ena amati wa Chigiriki, ena amati anali Mkhristu wolankhula chinenero cha ku Turkey. Dera la kwawo ndi la miyala yofewa yosavuta kusema, ndipo anthu akumeneko akhala akumanga nyumba za miyala kuyambira kalekale.

Cha m'ma 1512, mfumu Selim I itangolowa ufumu, Sinan anatengedwa kudzera m'dongosolo lotchedwa devşirme. Boma linkatuma anthu m'midzi ya Akhristu kukasankha anyamata amphamvu ndi anzeru, n'kupita nawo ku likulu. Kumeneko ankawalowetsa Chisilamu, kuwaphunzitsa, kenako n'kuwaika m'gulu la asilikali a mfumu otchedwa Janissary kapena m'maudindo a kunyumba yachifumu. Linali dongosolo lowawa chifukwa mwana ankachotsedwa kwa makolo ake popanda kufunsidwa, komabe ena mwa anyamatawa ankakwera mpaka kukhala nduna zazikulu za ufumu wonse. Sinan anatengedwa ali ndi zaka zoposa 20, wamkulu kusiyana ndi anzake ambiri, ndipo anaphunzitsidwa ukalipentala.

Kwawo sanakuiwale. Ufumu wa Ottoman utalanda chilumba cha Cyprus mu 1571, boma linayamba kusamutsa anthu a m'midzi ya ku Anatolia kuti akakhale kumeneko. Sinan anachonderera mfumu, ndipo mu 1573 panatuluka lamulo loti abale ake a ku Ağırnas asasamutsidwe.

Zaka za usilikali

Sukulu yeniyeni ya Sinan inali nkhondo. Anayenda ndi asilikali a mfumu Süleyman ku Belgrade mu 1521, ku chilumba cha Rhodes mu 1522, ku Mohács m'dziko la Hungary mu 1526, ku Vienna mu 1529 ndi ku Baghdad mu 1534. Mu 1537 anafika ku Corfu ndi kum'mwera kwa Italy. Gulu lalikulu la asilikali likamayenda limafuna milatho, misewu ndi malinga, ndipo limafunanso munthu wodziwa pamene khoma la adani lili lofooka. Sinan ankagwira ntchito zimenezi. M'mbiri ya moyo wake imene anafotokozera mnzake atakalamba, anati kulikonse kumene ankafika ankayang'anitsitsa nyumba zakale ndi mabwinja n'kutolapo phunziro.

Zinthu ziwiri zinamutchukitsa. Pa nkhondo yolimbana ndi ufumu wa Persia, mkulu wa asilikali Lütfi Pasha anafuna zombo pa nyanja ya Van kuti akazonde adani tsidya lina. Sinan anapanga zombo zitatu pamalo pomwe zipangizo zinali zosowa, ndipo anapatsidwanso udindo woziyendetsa. Kenako mu 1538, pa ulendo wa ku Moldavia, asilikali anaima pa mtsinje wa Prut chifukwa malowo anali a matope ndipo milatho imene ena ankayesa kumanga inkagwa. Sinan anamanga mlatho wa matabwa m'masiku osakwana milungu iwiri, gulu lonse n'kuwoloka. Posakhalitsa mmisiri wamkulu wa mfumu, Acem Ali, anamwalira, ndipo Lütfi Pasha anatchula dzina la Sinan. Apa n'kuti ali ndi zaka pafupifupi 50. Nyumba zonse zimene amadziwika nazo anazimanga atapitirira msinkhu umenewu.

Udindo wa mmisiri wamkulu sunali wojambula mizikiti yokha. Ofesi yake inkayang'anira misewu ndi madzi a mumzinda, mitengo ndi miyezo ya njerwa, matabwa ndi miyala, malipiro a amisiri, ngakhalenso kugwetsa nyumba zomangidwa pamalo oletsedwa. Pansi pake panali gulu la amisiri ena. Izi zimathandiza kumvetsa chiwerengero chachikulu chija. Nyumba za kutali monga ku Damascus, ku Sofia kapena ku Crimea ankajambula pulani yake ku Istanbul, n'kutuma womuthandiza kukamanga.

Hagia Sophia ndi mzikiti wa Şehzade

Mmisiri aliyense wa ku Istanbul ankagwira ntchito nyumba ina ikumuyang'ana. Nyumbayo ndi Hagia Sophia, tchalitchi chachikulu chimene mfumu Justinian ya ufumu wa Byzantine inamaliza mu 537, chomwe chinasandutsidwa mzikiti mzindawu utalandidwa mu 1453. Denga lake ndi lobulungira ngati mphika wovundikira. M'mimba mwake ndi mamita pafupifupi 31 ndipo nsonga yake ili pamtunda wa mamita oposa 55 kuchokera pansi. Kwa zaka 1,000 panalibe amene anamanga lofanana nalo mumzindamo.

Vuto la denga lotere ndi lakuti silimangolemera chopondereza pansi, limakankhiranso makoma kunja. Likapanda kuchirikizidwa bwino makoma amatanuka, denga n'kugwa. La Hagia Sophia linagwa mu 558, ndipo mbali zina zinagwanso mu 989 ndi mu 1346, pakuti Istanbul ndi dera la zivomezi. Tinganene kuti moyo wonse wa Sinan monga mmisiri unali kufunafuna yankho la funso limodzi: kodi denga lalikulu lingakhazikike bwanji popanda kudzaza m'kati mwa nyumba ndi zipilala zotchinga maso a anthu opemphera?

Ntchito yake yoyamba mu Istanbul inali mzikiti wa Hürrem Sultan, mkazi wa Süleyman, kudera lomwe lero limatchedwa Haseki. Unali waung'ono. Mwayi waukulu unabwera ndi maliro. Mu 1543 mwana wa mfumu wokondedwa kwambiri, Mehmed, anamwalira ali ndi zaka pafupifupi 22, ndipo bambo ake analamula kuti amangidwe mzikiti womukumbukira. Mzikitiwu, wotchedwa Şehzade kutanthauza mwana wa mfumu, unatha mu 1548. Sinan anaika denga lalikulu pakati pa zipilala zinayi, n'kulichirikiza mbali zonse zinayi ndi madenga odulidwa pakati ngati phale la mphika. Ku Hagia Sophia madenga a theka oterewa ndi awiri okha, kutsogolo ndi kumbuyo. Kwa Sinan mbali zonse zinafanana, kulemera n'kugawika mofanana.

Pulani imeneyi inakondedwa kwambiri moti amisiri obwera pambuyo anaitengera. Mzikiti wa Sultan Ahmed, umene alendo ambiri amaudziwa chifukwa cha matailosi ake a buluu ndi nsanja zake zisanu ndi imodzi, anthu ena amaganiza kuti ndi wa Sinan. Si wake. Unamangidwa kuyambira 1609, iye atamwalira kale, ndi wophunzira wake Sedefkâr Mehmed Ağa, motsanzira pulani ya Şehzade. Chodabwitsa n'chakuti ku Sultan Ahmed anthu amaima pamzere wautali, pamene ku Şehzade, komwe kunachokera nzeruyo, bwalo limakhala la phee.

Süleymaniye

Mu 1550 Süleyman anayamba kumanga mzikiti wa dzina lake pa phiri lachitatu la mzindawu, moyang'anizana ndi doko lotchedwa Golden Horn. Ntchitoyi inatenga zaka zisanu ndi ziwiri. Mabuku a malipiro a nthawiyo alipobe mpaka lero, ndipo amasonyeza amisiri oposa 3,500, pafupifupi theka la iwo Akhristu. Miyala ndi nsanamira zinatengedwa m'madera osiyanasiyana a ufumuwu, kuphatikizapo mabwinja akale a ku Baalbek ndi mzinda wa Alexandria.

Pano Sinan anayang'anizana ndi Hagia Sophia maso ndi maso, chifukwa anatenga pulani yomweyo ya denga lalikulu ndi madenga awiri a theka. Denga la Süleymaniye lili pamtunda wa mamita 53 ndipo m'mimba mwake ndi mamita 26.5, theka lenileni la kutalika kwake. Ndi locheperapo kusiyana ndi la Hagia Sophia, koma m'kati mwake muli kuwala kwambiri ndipo munthu amaona mbali zonse mosatchingidwa. Zochirikiza makoma, zimene ku Hagia Sophia zimaoneka ngati milu ya miyala yowonjezeredwa pambuyo, Sinan anazibisa theka m'kati mwa khoma, theka lina n'kuliphimba ndi makhonde a kunja. Nsanja zoitanirapo anthu ku mapemphero zilipo zinayi ndipo zili ndi makhonde khumi. Anthu amati manambalawa akusonyeza kuti Süleyman anali mfumu yachinayi kulamulira ali mu Istanbul komanso yachikhumi mu mzere wa mafumu a Ottoman.

Tinthu tina tating'ono timasonyeza mmene munthuyu ankaganizira. Usiku mzikiti unkawala ndi nyale zambirimbiri za mafuta ndi makandulo, zomwe utsi wake ukanadetsa makoma. Sinan anakonza kuti mpweya uzikokera utsiwo m'kachipinda ka pamwamba pa khomo lalikulu. Mwaye wosonkhana mmenemo ankaupala n'kupangira inki yolembera mabuku. Pakati pa nyalezo ankapachikanso mazira a nthiwatiwa, pokhulupirira kuti amathamangitsa akangaude.

Ntchito isanathe, adani ake anayamba kunong'oneza mfumu kuti Sinan watanganidwa ndi nyumba za anthu ena, ndiponso kuti akuopa kuchotsa mitengo yochirikiza denga chifukwa likhoza kugwa. Malinga ndi mbiri imene iye mwini anafotokoza, Süleyman anabwera atakwiya, n'kumukumbutsa za mmisiri wa mfumu Mehmed II amene akuti anaphedwa chifukwa chosakondweretsa mbuye wake. Atafunsidwa kuti ntchito itha liti, Sinan anayankha kuti miyezi iwiri. Amene anamva anaganiza kuti mantha amusokoneza mutu. Anasonkhanitsa amisiri onse amene akanapezeka, ntchito n'kumayenda usana ndi usiku, ndipo mu Okutobala 1557 mzikiti unatha. Pa tsiku lotsegulira, mfumu inabwezera kiyi kwa Sinan kuti atsegule chitseko ndi iyeyo.

Süleymaniye si mzikiti wokha koma ndi mudzi wathunthu. Pozungulira pake anamanga masukulu anayi a maphunziro apamwamba a Chisilamu, sukulu ya zachipatala, chipatala, khitchini yophikira osauka ndi ophunzira, nyumba ya alendo, nyumba yosambiramo ndi mashopu amene lendi yake inkathandiza kuyendetsa zonsezi. Kuseri kwa mzikiti kuli ziliza za Süleyman, yemwe anamwalira mu 1566, ndi Hürrem, yemwe anamwalira mu 1558. Lero ena mwa masukulu aja ndi laibulale yosunga mabuku akale olembedwa pamanja, imodzi mwa zazikulu kwambiri pa dziko lonse pa mabuku a Chisilamu. M'mashopu oyang'anizana ndi mzikiti muli malesitilanti otchuka ndi nyemba zophikidwa m'msuzi wa tomato, zodyera mpunga. Kulowa mumzikiti n'kwaulere. Mlendo amavula nsapato, amavala zofika m'munsi mwa mawondo, amayi amafunda mpango kumutu, ndipo pa nthawi ya mapemphero alendo amadikira panja. Kudikirako si kutaya nthawi, chifukwa pa bwalo la kumpoto munthu amaona Golden Horn, nsanja ya Galata ndi Bosphorus nthawi imodzi. Dera lonseli lili m'gulu la malo akale a Istanbul amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1985.

Madzi, milatho ndi nyumba zosambiramo

Ntchito imene inakhudza anthu wamba kuposa zonse ndi imene alendo ochepa amaiona. Mzinda unkakula ndipo madzi ankasowa. Kuyambira 1554 Sinan anafufuza ngalande zakale za Aroma m'nkhalango ya Belgrad kumpoto kwa mzindawu, n'kukonza dongosolo lotchedwa Kırkçeşme, kutanthauza akasupe makumi anayi. Madzi ankayenda okha motsetsereka mtunda wa makilomita pafupifupi 55, ndipo pa zigwa ankadutsa pamwamba pa milatho ya miyala. Mu Seputembala 1563 kunagwa chimvula chimene chinakokolola ina mwa milathoyi. Sinan anaimanganso molimba. Wotchuka kwambiri ndi wa Mağlova, wautali mamita pafupifupi 257 ndi wokwera mamita pafupifupi 36, womwe zipilala zake n'zosongoka kumunsi ngati mphuno ya bwato kuti zizing'amba madzi osefukira.

Kumadzulo kwa Istanbul, pa njira yopita ku Ulaya, anamanga mlatho wa Büyükçekmece womwe unatha mu 1567. Ndi wautali mamita oposa 630, uli ndi makomo 28 okhota ngati uta, ndipo umakwera n'kutsika kanayi podutsa pa tizilumba topangidwa ndi anthu. Mlatho wina wodziwika uli ku Višegrad m'dziko la Bosnia, pa mtsinje wa Drina. Unatha mu 1577 ndipo anaulipirira ndi nduna yaikulu Sokollu Mehmed Pasha, yemwe nayenso anatengedwa ali mnyamata kudzera mu devşirme kuchokera m'dera lomwelo. Mlathowu ndi umene uli pakati pa nkhani ya m'buku lotchuka la Ivo Andrić, mlembi amene analandira mphoto ya Nobel mu 1961.

Nyumba zosambiramo, zotchedwa hamam, ndi zimene mlendo angagwiritse ntchito monga mmene ankachitira anthu a nthawi ya Sinan. Munthu amagona pa mwala waukulu wotentha pansi pa denga lobooledwa timabowo ta kuwala, thukuta n'kutuluka, kenako wantchito amamukhula ndi kansalu kokhakhala n'kumusambitsa ndi thovu. Hamam ya Hürrem Sultan, ya mu 1556, ili pakati pa Hagia Sophia ndi mzikiti wa Sultan Ahmed. Mbali ya amuna ndi ya akazi n'zofanana kukula ndipo zinalumikizidwa msana ndi msana pa mzere umodzi. Inakhala zaka zambiri ikugwira ntchito zina, ndipo inatsegulidwanso monga malo osambira mu 2011. Ya Çemberlitaş, ya mu 1584, ndi ya Kılıç Ali Pasha ku Tophane nazonso zikugwirabe ntchito. Zonse zitatuzi zili pafupi ndi njanji ya tramu yotchedwa T1. Mitengo yake masiku ano ndi ya alendo, osati ya anthu wamba amene anawamangira.

Mizikiti ya nduna ndi ana a mfumu

Lamulo la ulemu silinkalola nduna kumanga mzikiti wofanana ndi wa mfumu, kaya pa kukula kapena pa chiwerengero cha nsanja. Malo amene ankapeza analinso opanikizika, otsetsereka kapena a pakati pa msika. M'malo ovutawa ndi mmene Sinan ankayesera nzeru zatsopano, ndipo ambiri amene amaudziwa bwino mzindawu amakonda mizikiti imeneyi kuposa ikuluikulu.

Wa Rüstem Pasha, nduna yaikulu imene inamwalira mu 1561, uli ku Eminönü pafupi ndi msika wa zokometsera zakudya wotchedwa Mısır Çarşısı. Munthu akhoza kuudutsa osauona, chifukwa Sinan anaukweza pamwamba pa mashopu ndipo amalowera pa masitepe opapatiza a pakona. Ukangotulukira pamwamba phokoso la msika limatsalira pansi. Makoma, zipilala ndi khonde zakutidwa ndi matailosi a ku İznik ojambulidwa maluwa a buluu, oyera ndi ofiira. Apa Sinan anakhazika denga pa nsanamira zisanu ndi zitatu m'malo mwa zinayi, nzeru imene anadzaigwiritsa ntchito pa nyumba yake yaikulu koposa. Wa Sokollu Mehmed Pasha ku Kadırga, wa mu 1572, uli pa chitunda chotsetsereka kwambiri kumunsi kwa Sultanahmet, ndipo mlendo amakwera masitepe odutsa pansi pa kalasi ya sukulu kuti atulukire pabwalo. Mumzikitimu muli timiyala tinayi takuda timene amati tinachokera ku mwala wakuda wa ku Kaaba ku Mecca.

Mihrimah, mwana wamkazi wa Süleyman yemwenso anali mkazi wa Rüstem Pasha, anamangitsa mizikiti iwiri. Woyamba, wa mu 1548, uli pa doko la Üsküdar ku mbali ya Asia, ndipo ndi nyumba yoyamba imene munthu amaona akamatsika boti lochokera ku Eminönü. Wachiwiri uli ku Edirnekapı, pa phiri lalitali kwambiri la mzinda wakale pafupi ndi malinga a mfumu Theodosius. Makoma ake ndi mawindo okhaokha, moti munthu amadabwa kuti denga lakhala pa chiyani. Operekeza alendo amakonda kusimba kuti Sinan ankamukonda Mihrimah mobisa, ndipo poti dzina lake limatanthauza dzuwa ndi mwezi, anaika mizikitiyi mwakuti pa 21 Malichi dzuwa likamalowa kuseri kwa wina, mwezi uzituluka kuseri kwa unzake. Ndi nthano yokoma kumva, koma palibe chikalata cha nthawi imeneyo chimene chimaitchula.

Ku Üsküdar komweko, m'mphepete mwenimweni mwa madzi, kuli kamzikiti ka Şemsi Pasha ka mu 1580, kamodzi mwa tating'ono kwambiri timene anamanga. Chaka chomwecho anamaliza mzikiti wa Kılıç Ali Pasha, mkulu wa asilikali a pamadzi yemwe anabadwira ku Italy. Umenewu uli ngati Hagia Sophia wochepetsedwa.

Selimiye

Nyumba imene Sinan mwini ankainyadira kuposa zonse sili mu Istanbul. Ili ku Edirne, likulu lakale la ufumuwu, pafupi ndi malire a Greece ndi Bulgaria, ulendo wa maola pafupifupi atatu pa basi. Mfumu Selim II inalamula kuti umangidwe mu 1568, Sinan ali ndi zaka pafupifupi 80. Wolemba za maulendo Evliya Çelebi anadzalemba kuti Sinan ankaona Şehzade ngati ntchito ya wophunzira, Süleymaniye ngati ya mmisiri amene wayamba kudziimira, ndipo Selimiye ngati ya katswiri.

Apa madenga aakulu a theka aja anawasiya. Denga limodzi lokha, la mamita oposa 31 m'mimba mwake, lakhala pa zipilala zisanu ndi zitatu zokankhidwira m'mbali mwa makoma, kotero kuti m'kati monse ndi chipinda chimodzi chopanda chotchinga. Nsanja zinayi zopyapyala, zazitali mamita oposa 70, zaima m'makona anayi. Ziwiri mwa izo zili ndi masitepe atatu osiyana m'kati mwake, aliwonse opita ku khonde lake, moti anthu atatu angakwere nthawi imodzi osakumana.

M'mbiri yake Sinan anati zinkamupweteka kumva amisiri a mayiko a Chikhristu akunena kuti Asilamu sangamange denga longa la Hagia Sophia, ndipo anati ku Edirne analiposa. Miyezo ya masiku ano imasonyeza kuti m'mimba mwake madenga awiriwa ndi ofanana, kusiyana kwake n'kochepa kwambiri, ndipo la Hagia Sophia ndi lokwera kuposa la Selimiye ndi mamita oposa 10. Pamene anapambana ndi pa kulimba ndi kuwala, chifukwa denga la Selimiye silinagwepo. Selim II anamwalira mu 1574 osauona utatha. UNESCO inauika pa mndandanda wake mu 2011.

Pa zaka zomwezo Sinan anapatsidwa ntchito yopulumutsa nyumba imene ankapikisana nayo ija. Hagia Sophia inali itayamba kutanuka, ndipo anthu anali atamanga nyumba zawo mogundana ndi makoma ake. Mu 1573 mfumu inalamula kuti nyumbazo zigwetsedwe, Sinan n'kumanga zochirikiza zikuluzikulu kunja kwa makoma ndi kuwonjezera nsanja. Akatswiri ambiri amati ntchito imeneyi inathandiza kwambiri kuti nyumbayi ipirire zivomezi zimene zinabwera pambuyo pake. Pabwalo pomwepo anamanga chiliza cha Selim II, chomwe chinatha mu 1577. Makhitchini a nyumba yachifumu ya Topkapı, amene machumuni ake amaoneka pamzere munthu ali panyanja, anawamanganso ndi iye atapsa ndi moto mu 1574.

Ukalamba ndi imfa

Mu 1584 Sinan anapita ku Mecca kukachita Haji, ndipo atabwerako anapitiriza ntchito. M'zaka zake zomaliza anafotokozera mbiri ya moyo wake mnzake Sai Mustafa Çelebi, yemwe anali mlakatuli ndi wojambula, ndipo iye anailemba m'mabuku monga Tezkiretü'l-Bünyan ndi Tezkiretü'l-Ebniye. Zambiri zimene zimadziwika za unyamata wake zimachokera m'mabukuwa, ndipo wowerenga ayenera kukumbukira kuti ndi nkhalamba imene inkasimba za kupambana kwake. Chuma chake china anachipereka kuti chiziyendetsa kamzikiti, sukulu ya ana ndi akasupe a madzi, kuphatikizapo kasupe wa kumudzi kwawo ku Ağırnas.

Anamwalira mu 1588 ali ndi zaka pafupifupi 100, akadali pa udindo. Amene analowa m'malo mwake ndi wophunzira wake Davud Ağa, yemwe mu 1597 anayamba kumanga Yeni Cami, mzikiti waukulu wa pa doko la Eminönü.

Manda ake anawajambula yekha. Ali kunja kwa mpanda wa Süleymaniye chakumpoto, pa kamalo ka makona atatu pamene misewu iwiri imakumana, pafupi ndi pamene panali nyumba yake. Ndi manda aang'ono osatsekedwa m'mbali, ndipo pa nsonga yake pali kanyumba kamene odutsa ankalandirirapo madzi akumwa kwaulere. Mawu a pa mwala wake analemba ndi Sai yemwe uja. Umodzi mwa misewu iwiriyo lero umatchedwa Mimar Sinan Caddesi.

Dzina lake linaperekedwanso ku yunivesite ya zaluso ya Mimar Sinan ku Istanbul ndiponso ku chigwa china cha pa pulaneti ya Mercury, ndipo nkhope yake inaikidwa pa ndalama ya pepala ya malira 10,000 m'zaka za m'ma 1980. Mkangano wa mtundu wake uja unafika mpaka kumanda. Mu 1935, pa nthawi imene maphunziro oyeza mitu ya anthu pofuna kudziwa mtundu wawo anali m'fasho, akatswiri a bungwe la mbiri yakale la dziko la Turkey anafukula mandawo n'kutenga chigaza chake kuti akachiyeze ndi kutsimikiza kuti anali wa mtundu wawo. Chigazacho sichinabwezedwe m'manda, ndipo chinasowa.